Mabatani Asanu M'thumba la Yunifolomu

A Telala amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pamalo opanikizika moti akatambasula manja, dzanja lina limakhudza khoma, linalo mzati. Akhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makina awo ndi akale, opalasa ndi mwendo, ndipo chopondera chake chinasalala pamene pamakhala chidendene. Kumanja kwawo kumakhala chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mabatani, kumanzere thumba la zidutswa za nsalu, ndipo pakolala ya malaya awo sipasowa singano. Anthu amene amawabweretsera mathalauzi oti afupikitse amawadziwa ngati munthu wofatsa. Ena amati ndi wofatsa mopitirira, chifukwa kasitomala akhoza kuwalalatira mpaka kutopa, iwo ali chete, akungolowetsa ulusi pasingano ngati nkhaniyo si yawo.

Koma kunena mosamala, kufatsa kumeneku sikobadwa nako. Ali mnyamata ankagwira ntchito pafakitale yosoka zovala. Tsiku lina kapitawo anawabwezera mulu wa mathalauzi, nati misoko yakhota, ndipo polalata anatchulapo mayi awo amene anali atamwalira kumene. Sizasi inali m'manja. Iwo sakumbukira kuiponya. Amangokumbukira kulira kwake itagwa pasimenti ndi magazi padzanja la kapitawoyo. Bala silinali lalikulu, koma ntchito inathera pomwepo, ndipo kwa zaka zitatu panalibe fakitale yowalandira, pakuti mbiri yawo inkafika iwo asanagogode pageti. Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo loti mtima ukayamba kutentha, asatsegule pakamwa mpaka ulusi utalowa pasingano. Dzanja la munthu wopsa mtima limanjenjemera, ulusi sulowa. Ukalowa ndiye kuti dzanja lakhazikika, pakamwa pangathe kutseguka. Mwa anthu owazungulira tsopano, nkhani ya sizasiyi ankaidziwa akazi awo okha ndi mlongo wawo.

Mlongo wawoyo atapeza ntchito ya m'nyumba kudziko lina, anawasiyira mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Ana a a Telala anali atakula n'kuchoka pakhomo, choncho malo analipo. Mwanayo ankamutchula kuti Kabatani, dzina limene amalume akewo anam'patsa tsiku lomwe anabadwa, poona kankhope kake kozungulira. Ukwati wa mayi ake unali utatha kale. Bambo ake, oyendetsa lole, ankakhala mbali ina ya tawuni ndi mkazi wina.

Miyezi iwiri yoyamba Kabatani anali mwana wosavuta, wodzichapira yekha masokosi. Kenako kunabwera kalata yochokera kusukulu yonena kuti wamenya mnzake ndi rula pakhutu. Patapita milungu itatu inabwera yachiwiri: waluma mnyamata pamkono mpaka mano kuoneka. M'munsi mwa kalata yachiwiriyo munali mawu odulidwa mzere kunsi kwake, akuti sukulu imalemba makalata otere atatu okha, ndipo yachitatu imakhala yochotsa mwana.

A Telala anaiwerenga kalatayo kanayi, kenako anaimbira foni mlongo wawo, poti sakanabisa. Mlongoyo analira, nati mwanayo akachotsedwa sukulu iye sadzakhalanso ndi pakamwa pokanira bambo ake, amene ankafuna kale kumutenga. Bambowo anaimba tsiku lotsatira. Sanakalipe, anayankhula mwaulemu wonse, akuti alamu, inu mwayesetsa, koma mwana wotere mankhwala ake ndi lamba, mungondipatsa milungu iwiri aongoka. A Telala anayankha kuti amva. Atatsitsa foni anachotsa singano pakolala, ndipo ulusi unalowa ulendo wachisanu ndi chimodzi.

Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri sichinali makalatawo ayi, koma zimene ankaona okha kunyumba. Mwanayo akakwiya, khosi linkauma, mpweya unkatuluka m'mphuno mofulumira, zala zinkapindika, ndipo maso ankayang'ana munthu ngati sakumudziwa. Zikatha ankalowa pansi pa tebulo n'kukhala pamenepo ngakhale ola lathunthu. A Telala ankazidziwa zonsezi ngati munthu adziwa njira ya kwawo. Akazi awo tsiku lina ananena moseka kuti anthu amati make mbuu mwana mbuu, koma apa ndi malume mbuu. Ataona kuti amuna awo sanaseke, sanabwerezenso.

Anayesa njira zimene aliyense amayesa. Anti ake anamukalipira, anamuletsa kusewera panja masiku atatu, anamulonjeza nsapato zatsopano. Mwanayo ankavomera zonse ndi mtima umodzi, ndipo zinkaoneka kuti sakunama. Tsiku lina a Telala anagwada pafupi ndi tebulo lija, bondo likulira, n'kumufunsa chimene chimachitika.

"Zimangobwera, amalume," anatero Kabatani ali pansi pomwepo. "Ngati madzi otentha. Amayambira m'mimba, akafika apa sindionanso."

Analoza pakhosi. A Telala anangoti, "Eya," chifukwa nawonso madzi awo ankafika pomwepo.

Loweruka lotsatira anamutenga kupita naye kukhonde. Anamukhazika pakampando, anam'patsa singano ya diso lalikulu ndi ulusi, n'kumuuza za lamulo lawo, koma osatchula kumene linachokera. Mwanayo anaikonda ntchitoyo. Koma mnzawo wosoka nsapato, amene amakhala tsidya lina la chitseko cha sitoloyo, ndipo akhala akuselewulana naye zaka zonsezi, anapukusa mutu akukoka ulusi wake ndi mano.

"Achimwene, mwana woluma anzake mukufuna mumuwonjezere singano? Mwatopa nawo ana a eni ake?"

A Telala anachita manyazi, poti mfundoyo inali yoona ndipo iwo, ndi kusamala kwawo konse, sanaiganizire. Anakhala masiku awiri akulingalira. Tsiku lachitatu, akufufuza batani la jasi m'chitini chija, zala zawo zinayenda pamabatani osiyanasiyana, ndipo anazindikira kuti angathe kuwasiyanitsa osayang'ana.

Anadula kansalu kolimba, kotalika ngati chala chawo chapakati, n'kusokererapo mabatani asanu motsatana. Loyamba linali la jasi, lalikulu, la m'mphepete mokhakhala. Lachiwiri la thalauzi, lachitatu la malaya, lachinayi lagalasi losalala, ndipo lachisanu kabatani ka diresi ya khanda, kochepa ngati mbewu ya mpiru. Kansaluko anakasokerera m'kati mwa thumba la yunifolomu ya Kabatani, ndi misoko yaing'ono yoti kunja sikunaoneke kanthu. Anayang'ana padzuwa, anayang'ananso mumthunzi, anasita, n'kuyang'ananso.

Lamulo lake linali ili. Madzi aja akayamba kukwera, dzanja lilowe m'thumba. Agwire batani la jasi, akoke mpweya pang'onopang'ono, autulutse, apite palotsatira. Asanene kanthu, asasunthe phazi, mpaka atafika pa kabatani kakhanda kaja. Akafika pamenepo anene ndi pakamwa kuti, ndakwiya chifukwa cha chakuti. A Telala anaumirira kwambiri pa mbali yomalizayi. Ankati mkwiyo wosatchulidwa dzina umabwerera m'manja.

Ankayeserera madzulo aliwonse mwanayo akaweruka, chifukwa ankadzera kukhondeko kuti apitire limodzi kunyumba. Wosoka nsapato anadzipereka yekha kukhala woputa, ntchito imene anati anabadwira. Kusukulu ana ankamutchula Kabatani kuti Tsabola, dzina limene linkamukwiyitsa kuposa china chilichonse, ndiye bamboyo ankayambira pomwepo.

"Iwe Tsabola, mutu ngati bobini ya makina osokera! Nsapato zako ndikazisoka zimandidandaulira kuti ukuzinunkhitsa."

Tsiku loyamba mwanayo anafika pa batani lachiwiri n'kugenda nsapato ya kasitomala mumsewu. Tsiku lachinayi anafika pa lachisanu, misozi ili m'maso, n'kunena kuti wakwiya chifukwa mutu wake si bobini. Wosoka nsapato anaomba m'manja, nati zoona, bobini ndi yaing'ono. Kabatani anaseka asanafune kuseka.

Panali chinthu chimodzi chimene akazi a a Telala sanagwirizane nacho. Iwo ankati madamu a kalasi ya mwanayo auzidwe. A Telala anavomera kuti ndi nzeru, ndipo analembadi kalata. Yoyamba anaing'amba poti inatalika. Yachiwiri anaing'amba poti inamveka ngati akuphunzitsa aphunzitsi ntchito. Yachitatu inangokhala m'dirowa ya makina pamodzi ndi choko. Zifukwa anali nazo zambiri, ndipo chilichonse pachokha chinkamveka bwino. Malamulo a sukulu ankaletsa kuwonjezera chilichonse payunifolomu. Madamu akanatha kuganiza kuti mwanayo mutu wake suyenda bwino n'kumulemba m'buku. Ndipo akanatha kufunsa kuti nzeru imeneyi mwaitenga kuti, funso limene a Telala sankafuna kuliyankha. Pamapeto pake anauza Kabatani kuti mabataniwo ndi chinsinsi cha awiriwo, asauze munthu.

"Bambo, chobisa chimaoneka tsiku loipa," anatero akazi awo akutsanulira tiyi. Iwo anayankha kuti akudikira nthawi yabwino.

Inadutsa milungu isanu popanda kalata. Koma tisaganize kuti a Telala anapuma. Ikamakwana nthawi yoweruka, mwendo wawo unkachedwa pachopondera, maso ali kumsewu kumene ana ankatulukira. Akamuona Kabatani, sankayamba kuyang'ana nkhope. Ankayang'ana m'manja ngati muli envelopu. Kenako ankafunsa kuti lero wafika palachingati. Masiku ena ankati sanaligwire n'komwe. Masiku ena ankati lachitatu, madzi anatsika okha. Tsiku lina anati anafika pa kakhanda kawiri, chifukwa mnyamata wokhala kumbuyo kwake anamuuza kuti mayi ake anamuthawa. A Telala anasoka mkono wa malaya chadodolido tsiku limenelo, n'kuumasulanso.

Linali Lachitatu pamene anamuona akubwera nthawi isanakwane, yekha, akuyenda m'mbali mwa khoma. Thumba la yunifolomu linali litang'ambika, likulendewera ngati lilime. M'manja munali pepala lopindidwa kanayi. Mwanayo anawapatsa pepalalo osawayang'ana, n'kulowa pansi pa tebulo la makina, pakati pa miyendo yachitsulo. Sinali kalata yachitatu, koma inali pafupi nayo: kholo libwere mawa nthawi ya eyiti koloko kuofesi ya a hedi, osalephera.

A Telala sanapalasenso makina, poopa kumupweteka. Anakhala akumangirira mabatani pamalaya ndi dzanja, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono kuchokera pansi pa tebulo. Mnyamata uja anabwerezanso za mayi ake, nthawi ino monong'ona, madamu akulemba pabolodi. Kabatani analowetsa dzanja m'thumba. Ali pa batani lachiwiri, madamu anatembenuka n'kumutchula kuti aimirire ayankhe funso. Anaimirira, koma sakanayankha, poti lamulo linali loti asanene kanthu asanafike palachisanu. Madamu anaona mwana waima pamaso pawo dzanja lili m'thumba, ali chete, akupuma ngati ng'ombe. Anamuuza kuti atulutse dzanja. Anamuuzanso. Anamufunsa chimene akubisa, ndipo iye sakananena, poti amalume anati ndi chinsinsi. Madamu anabwera n'kumukoka dzanjalo, iye anakakamira kansaluko, thumba linang'ambika. Anali pa lachinayi. Zotsatira zake sankazikumbukira bwino. Desiki inagwa, mabuku anamwazika, ndipo anamupeza atadzitsekera m'chimbudzi.

"Wamenya munthu?" anafunsa a Telala, mawu ali pansi.

"Ayi. Desiki yokha."

Wosoka nsapato, amene anamva zonse, sanaseleule tsiku limenelo. Anangoti mwanayo wasunga malamulo onse awiri amene anapatsidwa, ndipo ndi malamulowo amene amugwetsa. A Telala anali atazindikira kale zimenezo.

M'mawa mwake akazi awo anawasitira jekete la suti limene amavala paukwati, nati kuofesi sapita ndi malaya a pakhonde okhala ndi ulusi paliponse. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo a Telala anaona kuti kusanenako kunali kolemera kuposa kunena. Tiyi anangomulawa. Foni inalira kawiri ali m'njira, anali bambo a mwanayo, amene mwina anali atamva kale kwa wina. Sanaiyankhe. Kabatani ankayenda pambali pawo atavala yunifolomu yake yachiwiri, yofupika, ya thumba lopanda kanthu, ndipo dzanja lake linkalowamo n'kutulukamo.

Ofesi ya a hedi inali yaing'ono, ya kabati yachitsulo ndi wotchi yapakhoma yothamanga ndi mphindi khumi. A hedi anali bambo wachikulire wa magalasi olendewera pachingwe. Madamu anaima pafupi ndi zenera, mtsikana ndithu, wooneka wotopa ngakhale kunali m'mawa. Patebulo panali zinthu zitatu zimene a Telala anaziona asanakhale pansi: kalata yotayipidwa kale yosasainidwa, chidindo cha sukulu, ndi kansalu ka mabatani asanu, ulusi ukulendewera m'mbali.

Madamu anafotokoza mbali yawo, ndipo sananame paliponse. Anati m'kalasi muli ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo mwana mmodzi akaima manja m'thumba osayankha, mawa aima khumi. Anati ankaganiza kuti wabisa lezala, chifukwa zinachitikapo. A hedi anakankha kansaluko ndi cholembera, osakakhudza ndi dzanja, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, popeza ana ayamba kale kunena kunyumba kwawo kuti Tsabola amayenda ndi chithumwa.

A Telala anayamba kufotokoza, koma anayambira kutali kwambiri, za mitundu ya mabatani ndi kulimba kwa nsalu, ndipo a hedi anawadula. Anati iwo akhala pantchito imeneyi zaka makumi atatu, ndipo mwana amangoonetsa za kunyumba. Anayang'ana m'faelo, nati apa palembedwa kuti inu ndinu malume chabe.

"Vuto ndi lomweli," anatero a hedi akuvula magalasi. "Mayi kubereka mwana n'kumutaya pakhonde la sitolo, iye ulendo kukasaka zabwino kunja. Akazi ena kubereka amangokuona ngati kutsokomola. Ndiye ife tizilera?"

Mwina sananene ndi cholinga chopweteka. Mwina anali atanenapo mawu omwewo kwa makolo ambiri. Koma a Telala anamva madzi aja akunyamuka m'mimba, otentha monga anali pafakitale paja, ngati zaka zonsezi ankangodikira. Mlongo wawo ankachapa zovala za ana a eni kuti mwanayu aphunzire. Patebulo panali chidindo cholemera, pafupi kwambiri ndi dzanja lawo. Anakweza dzanjalo kupita pakolala monga mwa masiku onse, zala zinafufuza, koma panali nsalu yosalala ya jekete la ukwati. Singano inatsala pamalaya a pakhonde, kumbuyo kwa chitseko kunyumba. Anafufuzanso mbali inayo. Mpweya unayamba kutuluka m'mphuno mofulumira, ndipo nkhope ya a hedi inayamba kuoneka ngati ili patali.

"Amalume," anatero Kabatani chapansipansi, akuwakoka jekete. "Yambani ndi la jasi."

A Telala anatambasula dzanja. Linadutsa pamwamba pa chidindo n'kutola kansaluko. Anakagwira pabondo, poonekera, n'kuika chala chachikulu pa batani la m'mphepete mokhakhala. Anakoka mpweya, anautulutsa. La thalauzi. La malaya. A hedi anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma madamu anakweza dzanja pang'ono, maso awo ali pa zala za bamboyo, ndipo a hedi anatseka. Pa lagalasi chala chinaterereka ndi thukuta, anabwerezanso. Atafika pa kakhanda, nkhope ya a hedi inabwerera pamalo pake.

"Bwana," anatero a Telala, "ndakwiya chifukwa mwanyoza mlongo wanga mwana wake akumva."

A hedi anavalanso magalasi, n'kuwavulanso.

Kenako a Telala anafotokoza, nthawi ino mwachidule. Anati ntchito ya mabataniwo ndi imene mwaionayi, palibenso ina. Anatchulanso za mnyamata wokhala kumbuyo kwa mwanayo amene ankamunena za mayi ake. Ananena za lamulo loti mwanayo asayankhule asanafike palachisanu, ndi loti asauze munthu, nati malamulo onse awiri anapanga ndi iwo, ndipo lachiwirilo linali lopusa. Anatembenukira kwa madamu n'kupepesa, nati kalata yowadziwitsa ilipo, ili m'dirowa ndi choko, anachita mantha kuibweretsa. A hedi anafunsa funso lija ankaliopa, kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti. A Telala anayang'ana mwanayo, amene sankadziwa kanthu, ndipo ananena zonse: fakitale, kapitawo, sizasi, zaka zitatu zopanda ntchito. Anati iwo anaphunzira ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, magazi atatuluka kale, ndipo ankangofuna kuti uyu aphunzire msanga.

Madamu ndi amene anayankha poyamba. Anati milungu yapitayi ankaona mwanayo akuuma mwadzidzidzi pampando, kenako n'kukweza dzanja kunena kuti wakwiya chifukwa wakutiwakuti wamubera pensulo, ndipo ankadabwa kuti zachokera kuti. Anati dzulo, atamukoka dzanja, iwo anali pafupi kwambiri ndi mano ake, koma mwanayo anasankha desiki. Za mnyamata wakumbuyo sankazidziwa, ndipo amusuntha.

A hedi anayang'ana kalata yosasainidwa ija. Sanapepese mwachindunji, anangoti mawu ena amatuluka msanga m'mawa. Anati desiki yagwa ndi yagwa, ana ena anachita mantha, ndipo sangachite ngati palibe chachitika. Mwanayo apepese kwa madamu pamaso pa kalasi ndipo asese m'kalasimo sabata yonse. Lamulo la manja m'thumba silisintha chifukwa cha mwana mmodzi. Mabataniwo akafuna asokedwe pena, poti madamu aziona dzanja, mwina kunsi kwa lamba wa diresi, ndipo madamu akaona dzanja lili pamenepo azidikira kaye. Anatsegula dirowa, anaikamo kalatayo yosasainidwa, nati ikhala m'menemo mpaka teremu itatha.

Panja, asanalowe m'kalasi, Kabatani anaima n'kuwayang'ana amalume ake ngati akuwaona koyamba. Anafunsa ngati kapitawo uja anachira. Iwo anati anachira, koma chipsera chinatsala, ndipo akakumana mumsewu amapatsana moni. Mwanayo anagwedeza mutu n'kulowa.

A Telala anafika pakhonde dzuwa litakwera. Chinthu choyamba, anatenga singano m'dirowa n'kuibaya pakolala ya jekete la ukwati, kuseri, poti akazi awo asaione msanga. Wosoka nsapato anafunsa ngati mlandu wapita bwino. Iwo anati sunathe, wangoikidwa m'dirowa. Anaimbira foni mlongo wawo n'kumuuza chimodzimodzi, osawonjezera, osachotsera. Kwa bambo a mwanayo anatumiza uthenga waufupi wakuti mwana ali pasukulu. Kenako anatenga yunifolomu yong'ambika ija, anasoka thumba, n'kuyamba kuyeza kunsi kwa lamba ndi tepi. Anayeza katatu. Teremu inali itatsala ndi milungu isanu ndi iwiri, ndipo anawerenga masiku ake a sukulu pakalendala ya m'sitolo, anapeza makumi atatu ndi asanu.

Nthawi yoweruka itayandikira, m'pamene anakumbukira kuti mwanayo wakhala tsiku lonse ndi thumba lopanda kanthu, tsiku lopepesa pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi amene dzulo ankanena za chithumwa. Kansalu kaja kanali patebulo la makina, pamaso pawo. Akanatha kum'patsa pakhomo la kalasi paja, koma sanaganize. Mwendo unaima pachopondera. Ana anayamba kutuluka kumsewu kuja awiriawiri, atatuatatu, ndipo iye sankaoneka. Wosoka nsapato anawakumbutsa kuti akusesa, koma a Telala anaimirirabe n'kupita pamzati.

Anatulukira pomaliza, fumbi lili m'maondo. M'manja munalibe envelopu. A Telala anayang'ana dzanja lamanja, lamanzere, ndi m'mphepete mwa chikwama. Anakhala pansi, anatola yunifolomu ija ngati anali otanganidwa nayo nthawi yonseyi, n'kufunsa mmene zayendera popanda mabatani.

"Ananditchula Tsabola popepesa paja," anatero Kabatani akuvula chikwama. "Ndiye ndinawerenga a pabulauzi ya madamu. Koma ali nawo anayi okha, lomaliza ndinaliwerenga kawiri."

Wosoka nsapato anaseka mpaka kutsokomola. A Telala sanaseke. Anamuuza mwanayo kuti aime chilili, akweze manja, n'kumuyeza m'chiuno kuti aone pamene dzanja lake limafika lokha popanda kufunafuna. Anaikapo kachizindikiro ka choko. Masiku anali atatsala makumi atatu ndi anayi.